Agogo sanasamuke, anasuntha ndi malire: kufufuza mbiri ya banja ku America

Amalawi ambiri amene anakhazikika ku United States ali ndi ana kapena zidzukulu zomwe mbali ina ya magazi awo ndi ya komweko. Mbali ya kumudzi mumayamba ndi kufunsa azakhali, amalume ndi anyakwawa. Mbali ya ku America imayenda ndi mapepala, ndipo mapepalawo alipo ndithu, ena a zaka zoposa 250. Vuto limabwera mukafika pa gogo wina, mapepala n'kungoduka. Mwalembera ofesi ya dera limene banja limati gogoyo anakhalako moyo wake wonse, iwo akuyankhani kuti dzina lotero m'mabuku mwawo mulibe chisanafike chaka chakuti. Apa ambiri amaganiza kuti munthuyo anachokera kwina, n'kuyamba kumusaka kutali. Kawirikawiri sanasunthe ngakhale phazi. Anasuntha ndi malire.

Dziko la America lili ndi ma state 50, ndipo pafupifupi state iliyonse inagawidwa m'ma county, onse pamodzi opitirira 3,000. Texas yokha ili nawo 254, Delaware atatu basi. Ku Louisiana amawatcha ma parish, ku Alaska ma borough. Zikalata za malo, maukwati, misonkho ndi milandu ya chuma cha masiye zambiri zimasungidwa ku county, osati kulikulu la dziko. Kudulidwa kwa ma county n'kofanana ndi zimene tinaona kwathu mu 1998, Balaka itachoka m'boma la Machinga: munthu wobadwira ku Ulongwe mu 1980 anabadwira m'boma la Machinga, chonsecho nyumba ya makolo ake ili pomwe inali. Kusiyana kwake n'kwakuti ku America munda umodzi womwewo unkatha kusintha county kanayi kapena kasanu munthu mmodzi akadali moyo, pamene atsamunda ankalowerera chakumadzulo n'kumatenga malo a eni dziko.

Lamulo loti muligwire musanatsegule kompyuta ndi ili: pepala limatsala mu ofesi imene linalembedwa. County yatsopano ikadulidwa, imagula mabuku atsopano opanda kanthu. Akale aja satsatira anthu, amatsala kukhoti la county yomwe inabala inzakeyo. Alipo ma county ena amene anatumiza alembi kukakopera zikalata za malo a m'dera lawo, koma musadalire zimenezo, ndipo ngakhale kopeyo ikhalepo, wokopera ankatha kulakwitsa dzina kapena chaka. Choncho lekani kufunsa kuti gogo anali wa county iti. Muzifunsa kuti malo akutiakuti, pa tsiku lakutilakuti, ankalamulidwa ndi ofesi iti. Ntchito yonse ili pa kuyankha funso limeneli.

Choyamba: tebulo la masiku ndi malo

Tengani munthu mmodzi, osati banja lonse, ndipo yambirani pa imfa yake kubwerera m'mbuyo. Jambulani mizere isanu ndi umodzi: tsiku, chimene chinachitika, dzina la malo monga momwe lalembedwera papepalapo, pepala lomwe mwachotsa nkhaniyo, county ndi state ya nthawi imeneyo, ndi county ndi state ya lero. Mizere iwiri yomalizayo isiyeni yopanda kanthu kaye. Dzina la malo musalikonze ngakhale likuoneka lolakwika. Kalembedwe kachilendo nthawi zina ndi kamene kamakulozerani malo enieni.

Samalani ndi zikalata za malo, chifukwa zimakhala ndi masiku awiri: tsiku limene wogula ndi wogulitsa anasayina, ndi tsiku limene chikalatacho chinakalowetsedwa m'buku la khoti. Masiku amenewa amatha kutalikirana ndi zaka khumi kapena kuposa, pakuti anthu ankasunga pepala m'bokosi mpaka atafuna kugulitsanso mundawo. Chikalata chimalowa m'buku la county imene ili ndi malowo pa tsiku lolembetsa. Ndiye kuti munda wogulidwa nthawi ya county yakale ungapezeke m'mabuku a yatsopano. Lembani masiku onse awiri, lililonse pa mzere wake. Wilo ndi mlandu wa chuma cha masiye zimapita ku county imene malemuyo ankakhala pomwalira, pomwe chilolezo cha ukwati kawirikawiri chinkatengedwa kwawo kwa mkwatibwi.

Chachiwiri: pezani pamene munda unali

Apa ndi pamene muyenera kutayirapo nthawi, chifukwa dzina la county limasintha koma nthaka siyenda. Mmene mungapezere malowo zidalira mmene anayezedwera, ndipo ku America kuli njira ziwiri.

M'ma state 30, makamaka kuyambira Ohio kupita kumadzulo komanso Alabama, Mississippi ndi Florida, malo anayezedwa ndi boma lalikulu m'mabokosi ofanana. Bokosi lalikulu limatchedwa township, ndipo ndi mamailosi 6 mbali iliyonse, pafupifupi makilomita 9.7. M'kati mwake muli ma section 36, iliyonse ya maekala 640. Kota ya section ndi maekala 160, mlingo umene lamulo la Homestead Act la 1862 linkapereka kwa munthu wokakhala pa malo n'kumalima. Chikalata chimalembedwa mwa mtundu uwu: NW 1/4, Section 12, Township 5 North, Range 3 East, kenako dzina la principal meridian, mzere umene oyeza anayambirapo kuwerenga. Koperani zonsezi, meridian yomwe, chifukwa nambala zomwezo zimapezekanso m'madera ena oyezedwa kuchokera pa mzere wina. Powerenga ma section pamapu, nambala 1 ili pangodya ya kumpoto chakum'mawa, n'kumapita kumadzulo mpaka 6. Nambala 7 ili kumwera kwa 6, n'kubwerera kum'mawa mpaka 12, kumangokhota choncho mpaka 36. Amene amawerenga mzere uliwonse kuchokera kumanzere amaphonya munda ndi mamailosi angapo, ndipo pafupi ndi malire mamailosi angapowo amakuponyani mu county ina.

Kukoma kwa nambalazi n'kwakuti sizisintha, county idulidwe kangati. Tsamba la pa intaneti la General Land Office Records, la Bureau of Land Management, limasonyeza kwaulere chikalata choyamba chimene boma linapereka kwa munthu woyamba kutenga malowo. Kugulitsana kwa pambuyo pake kuli m'mabuku a county. Chenjezo limodzi: mawu oti township amatanthauzanso kaboma kakang'ono ka m'kati mwa county kokhala ndi dzina, monga Jackson Township. Kameneka malire ake ankasintha. Township ya nambala ndi imene sisuntha.

M'ma state 20 otsalawo, omwe ndi 13 oyambirira aja pamodzi ndi Vermont, Kentucky, Tennessee, Maine, Texas, West Virginia ndi Hawaii, malire a munda ankafotokozedwa ndi zizindikiro za pamalopo: kuyambira pa mtengo wa white oak m'mbali mwa mtsinje, kupita kumpoto chakum'mawa ma pole 120 mpaka pa mwala, kutsata malire a mnansi wakuti. Pole imodzi ndi mapazi 16.5, pafupifupi mamita 5, ndipo chain ndi mapazi 66. Mitengoyo inagwa kalekale. Zimene zingakuthandizeni ndi ziwiri: dzina la mtsinje ndi mayina a anansi. Lembani mtsinje uliwonse wotchulidwa, nthambi yake, ndi mbali imene mundawo uli. Lembaninso anansi onse. Mukasowa chikalata cha gogo wanu, cha mnansi wake chimamutchula m'malire. Dziwaninso kuti mbali ina ya Ohio, yotchedwa Virginia Military District, inayezedwa mwa njira yakaleyi ngakhale ili mu state ya mabokosi.

Ngati muli ndi dzina la mudzi kapena tawuni lokha, lifufuzeni pa Geographic Names Information System ya U.S. Geological Survey, imene ili ndi mayina a midzi, mitsinje ndi mapiri ndi malo ake enieni pamapu. Musakhulupirire kuti tawuni ndi county za dzina limodzi zili pamodzi. Mzinda wa Houston uli mu Harris County, pomwe Houston County ili kwina, likulu lake ku Crockett. Austin ili mu Travis County, osati Austin County. Des Moines ili mu Polk County, osati Des Moines County. Wheeling ili mu Ohio County, koma osati mu state ya Ohio. Dzina loti Washington County lokha lili m'ma state pafupifupi 30. Keyala ya positi nayo imanamiza: mlimi ankalandirira makalata ku positi ofesi yapafupi, ngakhale ili kutsidya kwa malire.

Chachitatu: funsani mapu a chaka chimenecho

Chida chachikulu pa ntchito imeneyi ndi Atlas of Historical County Boundaries ya Newberry Library ya ku Chicago, yomwe ili pa intaneti kwaulere. Sankhani state ya lero imene malowo ali, ikani tsiku, ndipo mapu akusonyezani malire a tsiku limenelo pamwamba pa malire a masiku ano. Ikani chala pa munda mwaupeza uja, muzisintha tsiku motsata tebulo lanu, n'kumadzaza mzere wachisanu. Pa county iliyonse palinso mndandanda wa kusintha konse: tsiku, dera lomwe linachoka kapena kulowa, ndi lamulo limene linachititsa. Mndandandawu uwerengeni wonse. Anthu ambiri amangoona chaka chimene county inabadwa, osadziwa kuti pambuyo pake kunali kudula tizidutswa m'mphepete, ndipo munda wa m'malire umatha kupita uku n'kubwerera. Pa zaka za kalembera, buku la William Thorndale ndi William Dollarhide, Map Guide to the U.S. Federal Censuses, 1790–1920, lili ndi mapu a state iliyonse pa kalembera aliyense.

Tione munda umodzi pafupi. Tiyerekeze kuti banja linakhazikika pamalo omwe lero ndi Maysville, ku Kentucky, m'mbali mwa mtsinje wa Ohio. Mu 1772 dera limenelo linkawerengedwa mu Fincastle County ya Virginia. Kumapeto kwa 1776 Fincastle inathetsedwa, n'kugawidwa patatu, ndipo malowo anagwera mu Kentucky County, ikadali Virginia. Mu 1780 Kentucky County inagawidwanso kukhala Fayette, Jefferson ndi Lincoln, malowo n'kulowa mu Fayette. Mu 1786 anapita ku Bourbon, mu 1789 ku Mason. Pa 1 June 1792 Kentucky inakhala state payokha. M'zaka 20 zokha, ma county asanu ndi ma state awiri, mundawo uli pomwepo. Ndiye ukwati wa 1787 kaufuneni ku Paris, likulu la Bourbon County, osati ku Maysville. Za 1783 ndi za ku Lexington, ngakhale kuti moto wa 1803 unawononga zambiri za mabuku oyambirira a Fayette. Za Fincastle zili ku Christiansburg, ku Montgomery County ya Virginia. Musapite ku tawuni yotchedwa Fincastle, chifukwa imeneyo ndi likulu la Botetourt County. Zikalata za malo zimene Virginia inapereka 1792 isanafike zimapezeka ku Land Office ya Secretary of State wa Kentucky, ku Frankfort.

M'mabuku ena mupeza kuti Bourbon inabadwa mu 1785 ndipo Mason mu 1788. Sanalakwitse. Zimenezo ndi zaka zomwe nyumba ya malamulo inavomereza. County inayamba kugwira ntchito chaka chotsatira. Pa county iliyonse funani masiku atatu: lokhazikitsa lamulo, loyamba kugwira ntchito lamulolo, ndi limene khoti linatsegula mabuku. Lachitatuli ndi limene likukhudzani. Kumadzulo mpata wake unali waukulu kwambiri. Ma county ambiri a kumpoto kwa Texas analembedwa pamapu mu 1876 anthu asanachuluke, opanda khoti, opanda mlembi, ndipo anapachikidwa pa county ina yoyandikana nayo pa nkhani za milandu ndi zikalata. Wheeler County itatsegula khoti mu 1879 inanyamula anzake ambiri mwa njira imeneyi. Pamndandanda wa Newberry mukaona mawu oti attached to, mapepala a zaka zimenezo ali ku county imene yatchulidwayo.

Ma county ena anatheratu, ndipo mabuku awo anatengedwa ndi wolowa m'malo. Ku Georgia, Campbell ndi Milton analowa mu Fulton County mu 1932. Ku Virginia, Elizabeth City County inasanduka mzinda wa Hampton mu 1952, Princess Anne County inalowa mu Virginia Beach ndipo Norfolk County mu Chesapeake mu 1963. Ku New York, Nassau County inachoka mu Queens mu 1899, ndipo Bronx County inayamba mu 1914. Chisanafike chaka chimenecho za ku Bronx zili mu New York County, ndipo zakale kwambiri mu Westchester.

Kodi anasamukadi?

Gogo akapezeka mu county ina pa kalembera uyu ndi mu ina pa wotsatira, musathamangire kulemba kuti anasamuka. Werengani mabanja khumi olembedwa patsogolo pake ndi khumi pambuyo pake pa makalembera onse awiri. Wolemba kalembera ankayenda khomo ndi khomo, choncho mayina oyandikana papepala anali anansi. Anansiwo akakhala omwewo, palibe amene anamanga katundu. Kenako onani mabuku a msonkho, omwe ankalembedwa chaka ndi chaka: dzina likasowa m'buku la county yakale chaka chomwe yatsopano inayamba, pamodzi ndi mayina ambiri a mumtsinje womwewo, popanda chikalata chogulitsa munda, yankho mwalipeza. Kusamuka kwenikweni kumasiya mapazi: munda wogulitsidwa, kalata yochokera ku mpingo, anansi atsopano, ana obadwira kwina.

Pali pepala lina limene ambiri salidziwa. County yatsopano inkayamba ndi pempho la anthu odandaula kuti khoti lili kutali ndipo mitsinje ikadzaza sawoloka. Mapempho amenewa ali ndi masiginecha a amuna a m'deralo, ndipo amasungidwa ku nyumba za zikalata zakale za state; a ku Virginia ali ku Library of Virginia ku Richmond. Dzina la gogo likakhala pamenepo, mwadziwa mbali ya county imene ankakhala ndi chaka chake.

Pamene state yeniyeniyo inasintha

West Virginia inachoka mu Virginia pa 20 June 1863, m'kati mwa nkhondo yapachiweniweni. Munthu wobadwira ku Wheeling mu 1850 amatha kuuza wolemba kalembera wa 1870 kuti anabadwira ku Virginia, n'kuuza wa 1900 kuti West Virginia. Ndi munthu mmodzi ndipo sananame. Amene sadziwa izi amagawa gogo mmodzi kukhala awiri, kapena kutaya pepala lolondola poganiza kuti ndi la wina. Pa kalembera wa 1860 kubwerera m'mbuyo, ma county amenewa afuneni pansi pa Virginia. Mabuku a khoti anatsala m'ma county momwemo, koma zimene zinkatumizidwa kulikulu 1863 isanafike, monga makope a misonkho ndi zikalata za malo zoperekedwa ndi state, zili ku Richmond. Nthawi zonse state ikagawika, funsani kuwiri: ku county, ndi kulikulu lakale.

Maine inali mbali ya Massachusetts mpaka 1820. Tennessee inali ya North Carolina, inakhala territory (dera lolamulidwa ndi boma lalikulu lisanakhale state) mu 1790 ndi state mu 1796. Alexandria ndi dera lomwe lero ndi Arlington zinali mu District of Columbia mpaka zinabwezedwa ku Virginia m'ma 1846 ndi 1847. Dakota Territory inagawika pawiri mu 1889. Oklahoma inapangidwa mu 1907 pophatikiza Oklahoma Territory ndi Indian Territory, zomwe pa kalembera wa 1900 zili padera.

Kovuta kwenikweni ndi kumene ma state awiri ankalimbirana dera limodzi, aliyense n'kutsegula khoti lake. M'ma 1770, dera la Pittsburgh linali Westmoreland County kwa a Pennsylvania, koma a Virginia ankalitcha West Augusta, kenako Yohogania County kuyambira 1776. Mabanja ankalembetsa ku khoti la mbali imene ankaikonda, ena konse kuwiri. Pakati pa Kentucky ndi Tennessee, mzere wa malire wotchedwa Walker unapatuka chakumpoto poyezedwa. Pangano la 1820 linasiya kachigawoko mu Tennessee, koma Kentucky n'kupitiriza kupereka zikalata za malo kumeneko, mwakuti munthu wa ku Tennessee chikalata chake choyamba chili ku Frankfort. Greer County inkayendetsedwa ngati ya Texas mpaka khoti lalikulu la America linagamula mu 1896 kuti si ya Texas, ndipo lero ili mu Oklahoma. Banja likakhala m'kati mwa mamailosi 20 kuchokera m'malire a state, fufuzani mbali zonse ziwiri ngakhale panalibe mkangano. Achinyamata ambiri ankawoloka malire kukamangitsa ukwati kumene malamulo anali ofewa, monga ku Elkton ku Maryland ndi ku Crown Point ku Indiana.

Mizinda yopanda county, ndi New England

Ku Virginia kuli mizinda 38 yoima payokha, yosakhala mu county iliyonse, ndipo yambiri ili ndi khoti ndi mabuku akeake. Izi zimakhudzanso ofufuza mbiri ya kwathu. John Chilembwe, amene anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897 n'kubwerera mu 1900, anaphunzira ku Lynchburg. Lynchburg inamera m'dera la Campbell County, koma pofika nthawi ya Chilembwe unali mzinda woima pawokha, choncho wofuna mapepala a nthawi imeneyo ayambire ku ofesi za mzindawo, osati ku Rustburg kulikulu la Campbell. Chimodzimodzi mzinda wa Richmond suli mu Richmond County. Baltimore inapatukana ndi Baltimore County mu 1851, ndipo St. Louis inasiyana ndi St. Louis County m'ma 1870.

Ku New England, kubadwa, ukwati ndi imfa zinkalembedwa ndi mlembi wa tawuni, osati wa county. Ku Connecticut, Rhode Island ndi Vermont ngakhale zikalata za malo zili ku tawuni. Lamulo ndi lomwe lija, kungoti muzitsata kugawika kwa matawuni.

Kalembera ndi mipata yake

Kalembera wa dziko lonse amachitika zaka khumi zilizonse kuyambira 1790, ndipo mayina amatsegulidwa pakatha zaka 72. Wa 1950 anatuluka mu April 2022. Kuyambira 1790 mpaka 1840 ankalemba dzina la mutu wa banja lokha. Wa 1850 ndi woyamba kutchula mfulu aliyense ndi kumene anabadwira, ndipo wa 1880 anawonjezera ubale wa anthu a m'nyumba ndi kumene makolo awo anabadwira. Wa 1890 pafupifupi wonse anawonongeka ndi moto wa 1921 ku Washington. Mpata wa 1880 mpaka 1900 ndi woopsa kwa ofufuza za kumadzulo, chifukwa ndi nthawi yomwe ma county ankadulidwa kwambiri. Udzazeni ndi mabuku a msonkho ndi makalembera amene ma state ena ankachita paokha. Wa 1790 wa Virginia, Georgia, New Jersey ndi Delaware nawo anasowa. Pofufuza pa FamilySearch kapena Ancestry, masamba a pa intaneti ofufuzira mbiri ya mabanja, dzina likakanika kupezeka, chotsani county m'bokosi lofufuzira n'kusiya state yokha, kapena tsegulani masamba a county ya chaka chimenecho n'kuwerenga nokha, pakuti okopera mayina amalakwitsa.

Ngati makolowo anali akapolo

Kwa mabanja ambiri a anthu akuda, kalembera woyamba wotchula makolo awo ndi mayina ndi wa 1870. Mu 1850 ndi 1860 akapolo ankalembedwa pa mndandanda wapadera, pansi pa dzina la mwini wawo, ndi zaka zawo ndi kuti mwamuna kapena mkazi, popanda mayina. N'zowawa kuzinena, koma mayina awo amapezeka m'mapepala a katundu: m'mawilo, m'mindandanda ya chuma cha masiye, m'zikalata zogulitsa, za mphatso ndi za chikole cha ngongole. Ndiye kuti malire amene muyenera kutsata ndi a malo a mwini wawoyo. Yambirani pomwe banja linali mu 1870, onani eni minda oyandikana nalo, kenako tsatirani munda umenewo m'ma county onse amene unadutsamo. Mwana wamkazi wa mwini akakwatiwa, anthu ankaperekedwa kwa iye n'kupita naye ku county kapena state ina, ndipo chikalata cha mphatsoyo chimakhala kwawo kwa bambo wake. Dzina la banja la mu 1870 si nthawi zonse limafanana ndi la mwini womaliza. Mapepala a Freedmen's Bureau, nthambi ya boma yothandiza akapolo omasulidwa, ya 1865 mpaka 1872, anasanjidwa motsata maofesi ake, ndipo ofesi imodzi inkayang'anira ma county angapo. Mabuku a Freedman's Savings Bank, banki ya akapolo omasulidwa, amatchula makolo, abale ndi kumene munthu anabadwira. Ku Virginia ndi North Carolina kulinso mabuku a 1866 olembetsa maukwati amene anayamba nthawi ya ukapolo.

Khoti likakhala kuti linapsa

Mabuku a Cook County anapsa pa moto wa Chicago wa 1871, a San Francisco mu 1906, ndipo ma county angapo a Virginia, monga Hanover ndi James City, anataya mabuku amene anawatumiza ku Richmond kuti akasungike, mzindawo utapsa mu April 1865. Mukauzidwa kuti zonse zinapsa, funsani kuti moto unali wa chaka chiti ndi mabuku ati amene anapulumuka, chifukwa kawirikawiri ena ankakhala m'chipinda china kapena kunyumba kwa mlembi. Apa kusuntha kwa malire kumakuthandizani: zaka za county yakale zili m'nyumba ina yomwe sinapse, ndipo county yodulidwa pambuyo pake ingakhale ndi makope. Eni minda ambiri ankapitanso kukalembetsa kachiwiri zikalata zawo moto utachitika, mwakuti chikalata cha 1840 chimapezeka m'buku la 1870. Makope a misonkho kulikulu, mabuku a mipingo, ziliza ndi manyuzipepala akale a pa Chronicling America ya Library of Congress zimatseka mipata yotsala.

Kupempha pepala

Musanalembere ofesi, onani pa FamilySearch Catalog. Lembani dzina la state ndi county ya nthawi imeneyo, osati ya lero, ndipo muona mabuku amene anajambulidwa, ndi zaka zake. Ambiri mungawerenge kwaulere mutatsegula akaunti. Ena amatseguka pokhapokha muli ku malo a FamilySearch kapena laibulale yogwirizana nawo. Yambani ndi buku la mndandanda wa mayina, la ogula ndi la ogulitsa, koperani nambala ya buku ndi ya tsamba, kenako tsegulani bukulo.

Dzina la ofesi limasiyana. Ku Virginia ndi Clerk of the Circuit Court. Ku Mississippi za malo ndi za masiye zili kwa Chancery Clerk. Ku New York za masiye zili ku Surrogate's Court, ku Pennsylvania kwa Register of Wills ndi Orphans' Court. Alembiwa ntchito yawo ndi ya lero, sangakufufuzireni mbiri. Kalata yonena kuti nditumizireni zonse za banja lakuti siyankhidwa. Pemphani pepala limodzi, ndi dzina lonse, mtundu wa pepala, chaka, buku ndi tsamba, ndipo funsani mtengo wake ndi njira yolipirira. Pa mlandu wa chuma cha masiye pemphani fayilo yonse, osati wilo yokha, chifukwa malisiti a olandira chuma ndi amene amatchula ana aakazi ndi mayina a amuna awo ndi ma county amene anapita. Ziphaso za kubadwa ndi imfa m'ma state ambiri zinayamba kusungidwa kulikulu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Virginia inkalemba kuyambira 1853 mpaka 1896, inaleka, n'kuyambiranso mu 1912.

Polemba m'kaundula wa banja, malo alembeni monga analili pa tsikulo: wobadwira ku Wheeling mu 1850 mulembe Wheeling, Ohio County, Virginia, ndipo pambali muonjezere kuti lero ndi West Virginia. Mapulogalamu ena a pa intaneti amakukankhirani dzina la masiku ano. Musalole, chifukwa mdzukulu wodzapitiriza ntchitoyi adzapita ku ofesi yolakwika. Sunganinso tsamba la zomwe mwafufuza osapeza kanthu, ndi dzina la county, buku ndi zaka zimene munawerenga. Mukadzazindikira kuti munda unali mu county ina kwa zaka zitatu zokha, tsamba limenelo ndi lomwe lidzakuuzeni mabuku amene simunatsegule.